LA akadachiza malungo, koma mphamvu yake yayamba kutha

M'chaka cha 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini ngati mankhwala oyamba a malungo, n'kuikapo SP, amene aliyense ankangomutchula kuti Fansida. Fansida anagwira zaka 14 zokha, ndipo mu 2007 boma linabweretsa LA. Lero Fansida anangotsala wa amayi oyembekezera ku sikelo, woteteza osati wochizira. Munthu wa zaka 40 waona ndi maso ake mankhwala awiri akutha mphamvu. Zimene ofufuza akupeza kum'mawa kwa Africa zikusonyeza kuti achitatuwa nawonso alowa njira yomweyo, ngakhale kuti sanafike patali.

M'mbulu uliwonse wa LA muli mankhwala awiri. Artemether amachokera ku artemisinin, amene Tu Youyou ndi anzake anapeza ku China m'zaka za m'ma 1970. Artemether amapha tizilombo tambiri mwamsanga, koma amatha m'magazi patangopita maola ochepa. Lumefantrine amachedwa kugwira, koma amakhala m'thupi masiku angapo n'kumalizitsa tizilombo totsala. Zili ngati wina akupalira ndi khasu, mnzake akubwera m'mbuyo kuzula udzu ndi manja: wakhasuyo akafooka, ntchito yonse imagwera wozulayo. Ndi mmene zinachitikira kumadzulo kwa Cambodia. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza anaona kuti odwala akumwa mankhwala koma tizilombo tikuchedwa kutha m'magazi. Mu 2014 anapeza gwero lake, kusintha kwa kachibadwa ka tizilomboto pamalo otchedwa kelch13. Pasanathe zaka zambiri piperaquine, amene ankaphatikizidwa ndi artemisinin kumeneko, nayenso analephera, moti pa kafukufuku wina wa m'chigawo chimenecho cha Asia theka la odwala sanachire.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaopa kuti vutoli lidzaoloka nyanja kuchokera ku Asia, monga linachitira la kolokwini. Silinaoloke. Linabadwira mu Africa momwemo, m'malo angapo, palokhapalokha. Linaonekera ku Rwanda mu 2020, kumpoto kwa Uganda mu 2021, kenako ku Eritrea ndi ku Kagera, kumpoto chakumadzulo kwa Tanzania. Choopsa kwambiri chinatuluka mu Novembala 2024 kuchokera ku Jinja ku Uganda. Mwa ana 100 amene anagonekedwa ndi malungo aakulu n'kubayidwa jakisoni wa artesunate, mwa 11 tizilombo tinachedwa kutha. Artesunate, amenenso amachokera ku artemisinin, ndi amene analowa m'malo mwa kwinini atapezeka mu 2010 kuti amapulumutsa ana ambiri. Mwana wokomoka alibe masiku oti n'kudikira.

Tinene mosakokomeza: m'madera ambiri a Africa LA akuchizabe odwala oposa 90 mwa 100 alionse, malire amene bungwe la WHO limati mankhwala akatsika pansi pake ayenera kusinthidwa. Wodwala amwe ndithu. Chimene chatha ndi mpata wolakwitsa. Munthu wamkulu amayenera kumwa mibulu inayi m'mawa, inayi madzulo, kwa masiku atatu, yonse 24, ndipo amwere mkaka kapena chakudya cha mafuta pang'ono kuti lumefantrine alowe bwino m'magazi. Zimene zimachitika pakhomo n'zodziwika. Tsiku lachiwiri thupi lazizira, mutu wapepuka, munthu wabwerera kumunda, ndipo mibulu yotsala yakaikidwa pamwamba pa kabati kudikira mwana akadzatentha thupi. Kale artemether ankabisa kulakwitsa kotereku. Akafooka sadzabisanso.

Zida zina nazonso zikufooka nthawi yomweyo. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene ndi wochuluka ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, unasiya kalekale kumva mankhwala onyikira masikito akale, n'chifukwa chake masikito atsopano ali ndi mankhwala owonjezera, ndipo ngokwera mtengo. Kachipangizo koyezera magazi a pachala, kamene alangizi a zaumoyo amadalira m'midzi, kamafunafuna puloteni yotchedwa HRP2. Ku Eritrea tizilombo tambiri tinasiya kupanga puloteniyo, mzere wachiwiri osatuluka pamene munthu akudwaladi, mpaka dzikolo linasintha zipangizo zake mu 2016. Lipoti la WHO la 2024 linati mu 2023 anthu 263 miliyoni anadwala malungo ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira. Ndalama zimene zinapezeka chaka chimenecho zinali madola 4 biliyoni, pamene zofunika zinali 8.3 biliyoni. Apa n'kuti boma la America lisanatseke USAID mu 2025, bungwe limene linkayendetsa pulogalamu ya PMI yogulira Malawi ndi maiko ena masikito, LA ndi zoyezera.

Ndalama zikachepa, choyamba kudulidwa si mankhwala ayi, chifukwa kusowa kwa mankhwala kumamveka pa wailesi. Chimene chimadulidwa ndi kauniuni: kutsatira mwana masiku 28 atamwa LA, kuwerenga tizilombo pa maikulosikopu, kutumiza madontho a magazi ku labotale. Palibe amene amachita zionetsero chifukwa kauniuni waima. Koma n'chimene chinapatsa Malawi umboni wosinthira mankhwala mu 1993, maiko oyandikana nawo akadali pa kolokwini. N'chimenenso chinaulula chinthu chodabwitsa ku Blantyre. Tizilombo tosamva kolokwini tinatsika kuchoka pa 85 mwa 100 mu 1992 kufika pa 13 mu 2000, ndipo kafukufuku wa ku Ndirande amene anatuluka mu 2006 anapeza kolokwini akuchiza ana 99 mwa 100, pamene Fansida ankachiza 21 okha. Phunziro lake linali lakuti mankhwala akapumitsidwa akhoza kubwerera mphamvu. Maganizo a lero oti dziko lizigwiritsa ntchito mitundu ingapo ya mankhwala oyamba, m'malo motsamira LA yekha, akuchokera pa nzeru yonga imeneyi. Vuto lake n'lakuti mitundu inayo, kuphatikizapo wotchedwa ASAQ, yonse ili ndi artemisinin, ndipo ina ndi yodula kuposa LA.

Mankhwala atsopano alipo m'njira. Mu Novembala 2025 kampani ya Novartis inalengeza kuti ganaplacide, amene sachokera ku artemisinin, wachita bwino pa kafukufuku wamkulu m'maiko a mu Africa. Akuyenera kuvomerezedwa kaye, mtengo wake ukambidwe, wogula apezeke. Ndipo mnzake wa ganaplacide m'mankhwalawo ndi lumefantrine yemwe uja, amene panopa akusenza katundu wochuluka ku Uganda ndi ku Rwanda. Lumefantrine akalephera mankhwala atsopanowa asanafike m'zipatala, atsopanowo adzafika ali opunduka kale.