Chenjerani ndi Mau Akuti "Lay Off"

Ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide kufupi ndi Mutare, mzinda umene unkachedwa Umtali kufikira 1982. Chingerezi changa ndi cha sukulu ya mishoni chabe, ndipo mau awa ndinawaphunzira ndi manyazi. Ndifuna kuti inu abale musagwe m'mbuna yomweyo.

Tsiku lina bambo wina wachikulire wa kwathu ku Dedza anadza pa windo la ofesi ali ndi kalata, nati, "Mwana wanga, tandiwerengera." M'kalatamo munali mau akuti "You are laid off." Ine pokumbukira "day off", ndilo tsiku lopumula, ndinati, "Bambo, akupatsani mpumulo." Anachoka akusekera, natumiza ndarama zao zonse kumudzi. Lolemba m'mawa anabwera ndi chisoti ndi nyali, napeza kuti dzina lao mulibe m'buku. Anangondiyang'ana osanena kanthu.

Tamverani tsono. Chingerezi chili ndi chizolowezi chophatikiza mneni ndi kamau kakang'ono, ndipo pamenepo tanthauzo lisanduka lina. "Knock" ndiko kugogoda, koma "knock off" ndiko kuweruka, kumene anzathu Achishona amati kuchaisa. Momwemonso "lay" ndiko kuika chinthu pansi, koma "lay off" ndiko kuimitsa munthu nchito wopanda mlandu, chifukwa nchito yachepa, madzi adzaza mu mgodi, kapena mtengo wa golide watsika. Zikachitika kale amati "laid off". Asiyana ndi "dismiss", pakuti amenewa kawirikawiri amanenedwa pochotsa munthu wolakwa. Koma kapitao akakuuzani kuti "Lay off the beer", nchito ilipo. Akungoti lekani mowa.

Chobvuta ndi ichi: mauwa paokha sanena ngati mwaimitsidwa kwa kanthawi kapena kwathunthu. Chifukwa chake mukalandira kalata yotere musachoke pa windo musanafunse zitatu: tsiku lomaliza nchito ndi liti, ndarama zotsala mulandira zingati, ndiponso ngati adzakuitananinso. Pemphani kuti mayankhowo alembedwe pa pepala.

Bambo aja anakakhala kwa mphwao ku Sakubva, ndipo ndarama ya basi ndinawapatsa ndine. Kuyambira tsikulo kalata ya munthu ndimaiwerenga kawiri, ndipo mau akandipita ndimafunsa ndisanayankhe.