Piritsi la chilungulira likakumana ndi antibayotiki

Mayi wachokera kuchipatala ndi kajumbo ka ciprofloxacin, mankhwala omwe madokotala amapereka kwa odwala taifodi ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Wamwa piritsi loyamba monga anamuuzira. Posakhalitsa chilungulira chamuyamba, ndiye wapisa m'chikwama n'kutafuna mapiritsi awiri oyera a magnesium trisilicate, aja amasiya mkamwa muli mbuu ngati wadya choko. Pamtima pazizira, iye waiwalako.

Komatu m'mimba mwake mwachitika zina. Mankhwala ambiri a chilungulira, otafuna ndi amadzi omwe, amakhala ndi magnesium, aluminium kapena calcium. Michere imeneyi ikakumana ndi ciprofloxacin imamukakamira, n'kupanga chinthu chomwe matumbo sangathe kuyamwa. Mankhwala aja m'malo molowa m'magazi amangodutsa n'kutuluka ndi chimbudzi. Ofufuza anapeza kuti munthu akamwa ziwirizi nthawi imodzi, ciprofloxacin wofika m'magazi amatha kuchepa ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse. Doxycycline ndi tetracycline nawonso amagwidwa chimodzimodzi.

Chowawa n'chakuti wodwalayo sanalakwe dala. Wamaliza mapiritsi onse, sanadumphe tsiku, koma thupi likutenthabe. Abale ayamba kunena kuti mankhwala aja anali achabechabe, pomwe vuto linali nthawi yomwera. Tizilombo nato tikamalandira mankhwala ochepa chonchi sitifa tonse, ndipo totsalato timakula titazolowera mankhwalawo.

Njira yopewera ndi yapafupi: kutalikitsa nthawi. Ciprofloxacin amwedwe patatsala maola 2 kuti munthu atafune mapiritsi a chilungulira, kapena patapita maola 6 atawatafuna. Lamulo lomweli limakhudza mapiritsi owonjezera magazi a ferrous sulphate komanso a zinc. Kumezera ciprofloxacin kapena tetracycline ndi mkaka, chambiko kapena yogati nakonso kumachepetsa mphamvu yake, chifukwa cha calcium uja. Omwe amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe ndi ochuluka zedi m'Malawi muno, nkhaniyi ikuwakhudzanso, pakuti mankhwala amenewa amagwidwa ndi michere yomweyi, ndipo maola otalikitsira ndi omwewo.

Omeprazole, mankhwala enanso a chilungulira, ndi nkhani ina. Iye sakakamira mankhwala anzake, koma amatseka timagwero totulutsa asidi m'chifu. Mankhwala omwe amafuna asidi kuti asungunuke, monga cefuroxime, ketoconazole wa mafangasi ndi atazanavir wa HIV, salowa bwino m'thupi asidi akachepa. Apa kutalikitsa maola sikuthandiza kwenikweni, poti omeprazole amagwira ntchito tsiku lonse. Dokotala ndiye ayenera kusintha mankhwala, ndipo sangatero ngati wodwala wangokhala chete poganiza kuti timapiritsi togula yekha pafamase si tofunika kutitchula.

Ilipo nthawi yomwe dokotala amaphatikiza omeprazole ndi maantibayotiki mwadala. Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, zomwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anatulukira mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2005. Pofuna kukapha, wodwala amapatsidwa omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri, kawirikawiri amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, chifukwa asidi akachepa amoxicillin ndi clarithromycin sawonongeka msanga m'chifu ndipo amakagwira bwino kachilomboko.