Nyuzi zinati ndi amuna awiri, Anti Tiwo anati ayi

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, nyuzipepala yakale saitaya. Amayi a geni amakulungiramo matemba, basi nkhani yomwe inagwedeza dziko dzana lero yanona mafuta a nsomba. Koma abale, pepala limang'ambika pomwe dzina lomwe atolankhani tam'patsa munthu limam'kakamira moyo wake wonse.

Takumbukirani ya Tiwonge Chimbalanga wa ku Thyolo, yemwe anthu a ku Chirimba mu mzinda wa Blantyre ankangomuti Anti Tiwo. Pa 26 December 2009 iye anachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza. Patangopita masiku awiri apolisi anawanjata. Nyuzi zinayenda malonda ngati mandasi a m'mawa, zonse zikuimba nyimbo imodzi: amuna awiri atomerana.

Pa 20 May 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa anawalamula kukaseweza zaka 14 aliyense. Monjeza anamutumiza ku ndende yaikulu ya Zomba, Anti Tiwo anatsala ku Chichiri. Pa 29 May Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi mkulu wa bungwe la United Nations, a Ban Ki-moon.

Pa phokoso lonselo ndi ochepa okha omwe anatchera khutu kwa mwini wake. Anti Tiwo ankanena poyera kuti iye amadzidziwa kuti ndi mkazi. Ankavala zachizimayi, ankagwira ntchito zophika ndi zokonza m'nyumba pa malo ena ogona alendo, ndipo anzake ankam'dziwa choncho. Pachingerezi munthu wobadwa ndi thupi lachimuna koma nkumadzimva kuti ndi mkazi amati transgender. Mawu amenewa m'nyuzi zathu za nthawi imeneyo ankasowa ngati ndalama ya pakati pa mwezi.

Chodabwitsa nchakuti Chichewa chathu chilibe vutoli. Mwamuna timati iye, mkazinso timati iye. Chingerezi ndiye chimakakamiza wolemba kusankha mbali, ndipo atolankhani ambiri, a kuno ndi a kunja omwe, anamuika Anti Tiwo kuchimuna osam'funsa.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nchifukwa chake anthu otere anayamba kudzifotokozera okha. Mu 2010 bungwe la CEDEP mogwirizana ndi la GALA la ku Johannesburg linatulutsa buku lotchedwa Queer Malawi, momwe Amalawi akusimba za moyo wawo ndi pakamwa pawo. Mu 2020 mlembi wa ku South Africa, Mark Gevisser, anatulutsa The Pink Line, buku lomwe likulondola Anti Tiwo mpaka ku Cape Town komwe anathawira. M'bukumo iye akulembedwa ngati mkazi, ndipo zikuoneka kuti nakonso ku Joni moyo sunamukomere: anakumana ndi chipongwe ngakhalenso kumenyedwa. Mu June 2021 a Nyasa Rainbow Alliance anayenda mu msewu wa ku Lilongwe atanyamula zikwangwani, ambiri ataphimba nkhope kuopa kudziwika.

Ena anena kuti zonsezi nzachizungu. Za kudambwe sitiulula, koma yemwe anaonerapo gule wamkulu akum'dziwa Maliya, yemwe amatulukira m'bwalo atatchena ngati mayi pomwe gule mwini wake ndi wa abambo. Sitikunena kuti Maliya ndi Anti Tiwo ndi amodzi, ayi. Tikungoti funso loti mwamuna aoneke bwanji, mkazi aoneke bwanji, makolo athu analivina kalekale m'bwalo anthu nkumaomba m'manja.

Ndipo inu a kaunjika mukudziwa kuti malire a zovala amasuntha. Kuyambira 1973, mu ulamuliro wa Kamuzu, lamulo linkaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi. Lamulolo linatha mu 1993, ndipo lero mathalauzi a amayi ndi omwe akudyetsa ana anu. Komabe mu January 2012 anyamata ena a m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anavula amayi ovala mathalauzi dzuwa likuswa mtengo, ndipo dzina la mavenda onse linada. Amayiwo anali makasitomala athu omwe.

Tisanamizane, lamulo likadali lolimba. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Blantyre linakana pempho la Jana Gonani, yemwenso amadzidziwa kuti ndi mkazi, loti ndime zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha zichotsedwe. Matchalitchi ndi mizikiti yambiri inagwirizana ndi chigamulocho, ndipo owerenga ambiri muli mbali yomweyo. Umenewo ndi ufulu wanu.

Koma palibe ndime ya lamulo yomwe ikupatsa munthu mphamvu yovula mnzake, kumukuwiza kapena kumugenda pa msika. Tsiku lina pa benchi yanu padzaima munthu yemwe simudzadziwa kuti mum'tchule achimwene kapena achemwali. Dzangom'funsani dzina, mumuyezere matemba ake, mum'patse chenje chake. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.