Woponya Akakumana Ndi Womenya Mpikisano Usanafike

Mtsikana wa zaka 12 angathe kumenya mpira woikidwa pa kamtengo masana onse osaphonyako. Mnzake angathe kuponyera mpira mu ukonde mpaka dzuwa kulowa, mpira uliwonse n'kumagwera pamalo amodzimodzi. Koma likafika tsiku la mpikisano, awiriwa n'kuimirira moyang'anizana, woyamba uja miyendo imagwedezeka, wachiwiri uja dzanja limauma, ndipo makolo amene akhala m'mphepete mwa bwalo amayamba kufunsana kuti kodi miyezi yonse ija anawa ankaphunzira chiyani. Aphunzitsi a masewero a softball ku Amereka ndi ku Japan vutoli amalidziwa bwino, ndipo mankhwala ake ndi kukonza tsiku loti woponya weniweni aponyere womenya weniweni mpikisano usanafike. Ife amene timakhala ndi ana m'kalasi sitikudabwa nazo. Mwana amalakatula phunziro lake bwinobwino ali yekha kuseri kwa nyumba, koma mukamuimiritsa pamaso pa anzake mawu onse amathawa.

Tiyambe tawafotokoza masewerowo, poti ambirife kuno kunyanja sitinawaonepo. Softball inabadwira mu mzinda wa Chicago m'chaka cha 1887, pamene anyamata a kalabu yotchedwa Farragut Boat Club, motsogozedwa ndi George Hancock, anakulunga golovesi ya nkhonya nayamba kuimenya ndi mtengo wa tsache m'nyumba. Dzina lakuti softball linadza m'chaka cha 1926, koma lisakupusitseni. Mpirawo ndi wolimba, waukulu ngati lalanje lonenepa kwambiri, ndipo ukakugunda umasiya chizindikiro. Timu imakhala ndi osewera 9. Woponya amazunguliza mkono wonse kamodzi n'kutulutsira mpira m'munsi, pafupi ndi chiuno, ndipo womenya amaudikira ndi chibonga. Mpira wodutsa pabwino, pakati pa mawondo ndi chifuwa, umatchedwa strike, ndipo womenya akaluza ma strike atatu watuluka. Mpira wopita pambali umatchedwa ball, ndipo ikakwana inayi womenya amapita ulere pamalo oyamba.

Softball ya akazi inalowa mu mpikisano wa Olimpiki ku Atlanta m'chaka cha 1996, inachotsedwa utatha wa ku Beijing wa 2008, inabweranso ku Tokyo mu 2021, ndipo yaikidwa pa ndandanda wa mpikisano wa Los Angeles wa 2028. Abale athu amene ali ku South Africa ena anaiona ndi maso, chifukwa mpikisano wa dziko lonse wa amuna unachitikira ku East London mu 2000, ndipo wa atsikana unachitikira ku Cape Town mu 2011.

Chimene chimachititsa masewerowa kukhala ovuta ndi kufupika kwa mtunda. Akazi akuluakulu amaponya ali pa mamita 13 okha kuchokera pamene paima womenya. Ku Amereka atsikana a zaka 11 ndi 12 amaponya pa mamita 12, pamene aang'ono kuposa amenewa amaponya pa mamita osakwana 11 ndi mpira wocheperako. Mu 2012 Monica Abbott anaponya mpira wothamanga makilomita 124 pa ola ali ku Amereka. Pa liwiro lotere womenya alibe ngakhale theka la sekondi loti aganize. Amene anasewerapo fulaye ali mwana akudziwa kuti mpira wochokera pafupi supereka mpata wofunsa mnzako. Kuli makina oponya mpira, inde, koma makina alibe mkono wozunguliza, salakwitsa, ndipo sanamiza. Woponya weniweni amazunguliza mkono mwamphamvu n'kutulutsa mpira wozizira umene umafika chibonga chitadutsa kale. Wina umagwa pansi ukayandikira, wina umaoneka ngati ukukwera. Maso a mwana amaphunzira zimenezi poona dzanja la munthu basi.

Tsono tsiku lotere amalikonza bwanji? Cholakwa choyamba ndicho kusonkhanitsa ana 12 pabwalo, mmodzi n'kumamenya, enawo n'kumayasamula padzuwa. Aphunzitsi odziwa ntchito amagawa ana m'magulu a atatu kapena anayi. Gulu lina limamenyera mu ukonde mpira wa pa kamtengo, lina limamenya mpira woponyedwa pang'onopang'ono ndi wothandizira, lina limaima m'bwalo kutola mipira, ndipo lotsalalo ndilo limakumana ndi woponya. Pakatha mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu magulu amasinthana. Woponya ndi wowakha wake amafika msanga kuti atenthetse thupi, chifukwa kuponya mwamphamvu phewa lisanamasuke ndi kuitana mavuto.

Woponyayo asaime pamenepo ola lathunthu ngati makina. Aponye mipira 15 kapena 20, monga mmene zimakhalira m'chigawo chimodzi cha masewero enieni, kenako akhale pansi, amwe madzi, mnzake alowe. Akapuma abwerenso. Kukhala ndi kudzuka kumeneku nakonso ndi phunziro, popeza masewero ali ndi zigawo 7 ndipo mwana ayenera kuzolowera kuyambiranso thupi litazizira.

Apa pali bodza limene lavulaza ana ambiri, lakuti kuponyera m'munsi sikutopetsa mkono. Anthu amatchula Yukiko Ueno wa ku Japan, amene mu 2008 ku Beijing anaponya mipira 413 m'masewero atatu pa masiku awiri, timu yake n'kugonjetsa Amereka 3 kwa 1 ndi kutenga mendulo ya golide. Zimenezo zinachitikadi, koma Ueno anali mayi wamkulu wa zaka 26 amene thupi lake linakhwimira pa ntchitoyo. Madokotala a zamasewero aona atsikana ambiri oponya akubwera ndi ululu wa phewa, chigongono ndi msana chifukwa choponya mopitiriza muyeso. Mafupa a mwana akadakula. N'chifukwa chake mipira ya tsiku loyeserera iyenera kuwerengedwa monga mmene imawerengedwera ya mpikisano, ndipo mwana amene adzaponye mawa asatopetsedwe lero. Akanena kuti phewa likupweteka, tsiku lake lathera pomwepo, ngakhale bambo ake atakwiya.

Za chitetezo sitinyengerera. Womenya avale chipewa cholimba chokhala ndi zitsulo zotchinga kumaso. Wowakha avale zonse: chakumaso, chapachifuwa ndi zam'miyendo. Woponya ndiye ali pangozi yaikulu, chifukwa akamaliza kuponya amakhala atadumphira kutsogolo, ndipo mpira womenyedwa bwino umabwerera kwa iye mofulumira kuposa mmene unachokera. Aphunzitsi ena amamuikira ukonde patsogolo wokhala ndi chibowo chodutsira mpira. Ena amakana, amati ukonde umamuphunzitsa ulesi ndipo pa mpikisano sudzakhalapo, choncho amangomuveka chotchinga kumaso. Ife tikuona kuti onse ali ndi mfundo, koma kwa mwana wongoyamba kumene ukonde ukhalepo, udzachoke manja ake akafulumira. Ndipo ana odikira asamazunguze zibonga paliponse. Pakhale malo amodzi ochitira zimenezo, kutali ndi mitu ya anzawo.

Chovuta kwenikweni si zipangizo ayi, koma mitima. Pa tsiku limeneli ana a timu imodzi akulimbana okhaokha, ndipo wina akapambana ndiye kuti mnzake wagonja. Mphunzitsi wosaleza mtima akaona omenya akuphonya amafuula kwa woponya kuti, "Iwe, ingoponya pakati amenye!" Akatero wamuphunzitsa woponyayo kuponya mpira umene adzalangidwe nawo Loweruka. Bwino n'kunena poyambirira kuti chigawo ichi ndi cha yani. M'chigawo choyamba woponya aponye mipira yowongoka yokha, omenya akudziwa. M'chachiwiri aloledwe kugwiritsa ntchito nzeru zake zonse, ndipo aliyense adzionere yekha. Aphunzitsi ena amayambitsa womenya ali kale ndi strike imodzi ndi ball imodzi kuti mzere uziyenda msanga. Ena amanena kuti, "Pali mnzako pamalo achitatu, awiri atuluka kale, ukaphonya masewero atha," kuti mwana alawe mantha a mpikisano ali pakati pa anzake.

Payeneranso kukhala munthu wamkulu woimbira, woima kumbuyo kwa wowakha, amene angathe kunena kuti ball ngakhale woponyayo ali mwana wake. Popanda iyeyu tsikulo limathera m'mikangano. Mayi kapena bambo wina akhale ndi kope ndi pensulo, azilemba mpira uliwonse. Mtsikana amene akulira kuti waponya moipa amatonthola akaona kuti mwa mipira 20 imene anaponya, 13 inali ma strike.

Mwana wina amakhala kuti anagundidwapo ndi mpira m'nthiti, ndipo tsopano woponya akangozunguliza mkono iye phazi lathawira kale kumbuyo. Ameneyu musamupatse woponya waliwiro amene sanaphunzire kulunjika. Mupatseni wodekha. Tsiku loyamba angoima ndi chipewa chake, chibonga chili paphewa, osamenya, azingotchula mokweza kuti strike kapena ball mpira ukamadutsa. Tsiku lachiwiri aziugunditsa pang'ono chabe kuti ugwe patsogolo pake. Kumenya kwamphamvu kudze pa tsiku lachitatu kapena lachisanu, phazi lija likasiya kuthawa.