Chitenje chomwe chija chikhoza kupulumutsa mwana wobadwa masiku asanakwane

Achinyamata anzathu, palibe mmodzi mwa ife amene anakula osaberekedwa kumbuyo. Ambiri mwa inu munayamba kubereka ang'ono anu muli ku pulayimale, ndipo ena mukulera ana omwe makolo awo anatisiya. Kumanga chitenje simufunikanso kuphunzitsidwa. Mumawerama, mwana pamsana, nsalu pamwamba, mfundo pachifuwa, basi ulendo wa kumjigo.

Komabe pali mwana wina amene kumbuyo sikumuyenera. Uyu ndi wobadwa masiku asanakwane, kapena wobadwa ndi sikelo yosafika makilogalamu 2.5. Ife alangizi a zaumoyo timakumana ndi ana oterewa kawirikawiri. Lipoti lomwe bungwe la WHO ndi mabungwe ena anatulutsa m'chaka cha 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa vutoli, pomwe ana 18 mwa 100 aliwonse ankabadwa masiku asanakwane. Zifukwa zake ndi zomwe timakambirana kale m'makalabu mwathu: kutenga mimba msinkhu usanakwane, malungo, kuchepa kwa magazi, matenda opatsirana pogonana monga chindoko, komanso kachirombo ka HIV ngati mayi sakumwa mankhwala. Ndiye kuti nkhaniyi si ya agogo ayi. Mayi wa kamwana kotere nthawi zambiri ndi mtsikana wamsinkhu wanu.

Chomwe chimapha ndi kuzizira

Mwana wobadwa wochepa alibe mafuta okwanira m'thupi oti amutenthetse. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iye akhoza kuzizidwa ali m'nyumba. Akazizidwa amafooka, amaleka kuyamwa, ndipo matenda amamulowa mosavuta. Kumukuta ndi mabulangeti atatu sikuthandiza kwenikweni, chifukwa bulangeti limangosunga kutentha komwe kulipo kale. Mwana amene thupi lake silikupanga kutentha amakhalabe wozizira m'kati mwa mulu wa nsaluwo.

M'chaka cha 1978, dokotala wina wa ana mumzinda wa Bogotá ku Colombia, Edgar Rey Sanabria, anali ndi vuto longa lathuli. Makina ofunditsira ana anali ochepa, moti ana angapo ankagonekedwa m'makina amodzi n'kumapatsirana matenda. Iye anayamba kuuza amayi kuti aziika ana awo pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku. Njirayi anaitcha ya kangaroo, potengera nyama ya ku Australia yomwe imasunga mwana wake m'thumba la pamimba. Kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, kenako inafalikira m'zipatala za m'maboma.

Kale ankayamba adikira kuti mwana apezeko mphamvu asanamuike pachifuwa. Kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2021, amene anachitikira ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania komanso pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anasintha maganizowo. Pakati pa ana olemera kuyambira kilogalamu imodzi mpaka pafupifupi 1.8, omwe anaikidwa pachifuwa atangobadwa anamwalira 12 mwa 100 aliwonse m'masiku 28 oyamba, pomwe mwa omwe anayamba adikira anamwalira pafupifupi 16. Chaka chotsatira WHO inalangiza kuti njirayi iziyambika mwana akangobadwa, ndipo azikhala pachifuwa maola osachepera 8 pa tsiku, ngati n'kotheka tsiku lonse.

Kamangidwe kake

Apa ndiye tifatse, popeza mpomwe ambiri amalakwitsa. Mwana avale thewera, chisoti ndi masokosi basi. Womubereka akhale wopanda chovala pachifuwa. Tikaona mwana ali kutsogolo koma atavala juzi, ndipo mayi ali m'bulauzi, timadziwa kuti uku n'kungonyamula chabe, kutentha sikukumufika.

Mwana aime chilili pakati pa mabere, mimba yake itagunda thupi la mayi. Mutu upendekere mbali imodzi, chibwano chitadzuka pang'ono kuti mpweya uzidutsa bwino. Miyendo ndi manja zipindike ngati chule. Mphepete ya m'mwamba ya chitenje idutse m'munsi mwa khutu la mwana kuti igwire mutu, mfundo ikamangidwe kumbuyo. Mangani molimba moti mayi akawerama mwana asapulumuke, koma osafinya pamimba pake chifukwa khanda limapumira pamimba. Pamwamba mayi avale malaya otsekula kutsogolo, ndipo nkhope ya mwana izioneka nthawi zonse. Usiku mayi asagone chagada kapena chammbali, koma atsamire pa mapilo, kapena pa thumba lodzaza ndi zovala, ngati wakhala pampando wa ndalema. Mwana amachoka pachifuwa pomusintha thewera ndi pamene mayi akukasamba.

Nanga ngati mayi ali ndi kachirombo?

Funso ili limabwera pafupifupi pa msonkhano uliwonse. Kachirombo ka HIV sikadutsa pakhungu, ndiponso sikafala kudzera m'thukuta. Mayi, bambo kapena azakhali omwe ali ndi kachiromboka akhoza kubereka mwana pachifuwa tsiku lonse popanda chiopsezo. Amene ayenera kupewa ndi yemwe ali ndi chimfine, chifuwa chosatha kapena zilonda pachifuwa, kaya ali ndi HIV kaya alibe.

Mwana amatengera kachirombo kwa mayi ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa, ndipo chomwe chimamuteteza ndi ma ARV omwe mayi akumwa. Kuyambira mu 2011 dziko lathu linayamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV, ndipo Malawi ndiye anali woyamba kuchita zimenezi. Mayi wosamwa mankhwala akhoza kupatsira ana pakati pa 15 ndi 45 mwa 100, koma akamamwa mwandondomeko chiwerengerocho chimatsika osafika 5. Mayi wotere ayamwitse mwakathithi kwa miyezi 6, osapatsa mwana madzi, phala kapena mankhwala achikuda. Chitenje chimathandizanso apa, chifukwa mwana ali pafupi ndi bere ndipo mkaka umatuluka wambiri. Akhale pachifuwa chomwecho popita kukayezetsa magazi ake akakwana masabata 6.

Mayi yekha sangathe

Kunena zoona, njirayi ndi yotopetsa. Kuchipatala zimayenda bwino popeza mayi alibe ntchito ina. Akafika kunyumba pali madzi oti atunge, nkhuni, kumunda, nsima. Ena amamuseka kuti mwana saberekedwa kutsogolo, ena amafunsa chomwe akubisa m'malaya. Pakatha masiku atatu timapeza kamwana kaja kagonekedwa pamphasa, kali zii ngati madzi a mumtsuko.

Kalabu yanu ikhoza kulowererapo pamenepa. Gawanani masiku otungira madzi ndi kutola nkhuni. Wina aphike, chifukwa mayi amene ali ndi mwana pachifuwa sayenera kuwerama pamoto kapena kukhala mu utsi. Ndipo chifuwa chilichonse chaukhondo ndi chofunda, cha mwamuna chomwe. Anyamata, tikunena inu. Amene unapereka mimba usathawire ku Joni kapena kwa amalume ku tauni. Samba m'manja ndi sopo, vula shati, mwana akhale pachifuwa pako maola awiri kuti mayi wake asambe ndi kugonako. Anzako adzaseka tsiku loyamba, lachiwiri adzazolowera.

Mwana amapitiriza chonchi mpaka sikelo yake ifike pafupifupi makilogalamu 2.5, kapena akayamba kukana yekha, kutulutsa manja ndi miyendo ndi kulira akamangidwa. Pa nthawi yonseyi masiku omwe achipatala analemba m'buku la kusikelo asaphonyedwe. Musathamangire kumubweza kumbuyo. Dikirani khosi lilimbe, ndipo ngakhale pamenepo mutu usamalendewere, chitenje chisaphimbe mphuno.

Mukaona mwana akukana kuyamwa, wazizira ngakhale ali pachifuwa, watentha thupi, akupuma mothamanga kapena kuleka kupuma kwa kanthawi, akukomoka, kapena maso ndi khungu zasanduka zachikasu, musadikire kuti kuche. Itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati ali pafupi, apo ayi nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala, mwanayo ali pachifuwa njira yonse.