MAPANGA AWIRI: KODI MWANA WOPEZA KALE MALO APITENSO KU MAFUNSO ENA?

Wolemba Mtolankhani Wathu, ku Mpanshya

PA mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Mpanshya, m'boma la Rufunsa, banja lina linatha masiku atatu osagona tulo tabwino cifukwa ca nkhani imene anthu ambiri angaiyese mwai wokhawokha.

Mwana wao wamkazi, amene anapambana bwino mayeso a Geredi 12, anali atalandira kale kalata yocokera ku yunivesite ina yosakhala ya Boma mu Lusaka, yomuuza kuti wapatsidwa malo ophunzira udotolo. Atate ake anagulitsa matumba a cimanga ndi mbuzi zingapo, nalipira gawo loyamba la ndalama za sukulu. Akali kukonzekera ulendo, pa lamya ya mtsikanayo panafika uthenga wina. Anali kuitanidwa ku Lusaka kukayankha mafunso pamaso pa akuluakulu osankha ophunzira amene adzatumizidwe kumaiko akunja kukaphunzira udotolo womwewo, mosalipira.

Atate a mwanayo anakana. Maganizo ao anali akuti mapanga awiri abvumbwitsa: malo apezeka kale, ndalama zapita kale, nanga kuthamangiranso kwina n'kufunanji? Koma amai ake pamodzi ndi amalume ake anaona mwina. Anakumbutsa bamboyo kuti cimanga cimene cagulitsidwa calipira miyezi yowerengeka cabe, pamene udotolo umatenga zaka 6 kapena 7, ndipo mvula siikhala yabwino zaka zonse.

KALE KUNALIBE COSANKHA

Bvuto lotere makolo athu sanalidziwe. Sukulu ya udotolo ya pa Yunivesite ya Zambia inakhazikitsidwa mu 1966, ndipo madotolo oyamba ophunzira m'dziko muno anatsiriza maphunziro ao mu 1973. Kwa zaka zambiri sukulu imeneyi, imene iri pa Ridgeway pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH, inali yokhayo m'dziko lonse. Mwana amene analephera kupeza malo kumeneko anali kungodalira mwai wotumizidwa kunja.

Lero zinthu zinasintha. Yunivesite ya Copperbelt inatsegula sukulu ya udotolo ku Ndola mu 2011, imene inachedwa dzina la malemu Michael Chilufya Sata. Yunivesite ya Mulungushi iri ndi sukulu yake ku Livingstone, ndipo mu Lusaka, ku Chainama, kuli yunivesite ya zaumoyo ya Levy Mwanawasa. Palinso mayunivesite osakhala a Boma monga Lusaka Apex ndi Cavendish. Kuno ku Mpanshya komwe, pa cipatala ca mishoni ca St Luke's, pali sukulu yophunzitsa anamwino ndi azamba, imene imalandira ana ocokera m'zigawo zosiyanasiyana.

Cifukwa ca ici mwana wanzeru amalemba makalata opempha malo ku masukulu atatu kapena anai nthawi imodzi. Mayankho sabwera tsiku limodzi. Sukulu ina imabvomera msanga ndi kufuna ndalama, pamene ina ikali kuitana anthu ku mafunso. Apa ndi pamene mabanja amayamba kukangana.

FUNSO LOYAMBA NDI NDALAMA

Kholo lisanalole kapena kukana, liyenera kutenga pepala ndi pensulo ndi kuwerengera zaka zonse za maphunziro, osati caka coyamba cokha. Pa ndalama za sukulu pamaonjezeka za nyumba yogona, cakudya, mabuku, zobvala za m'cipatala ndi za ulendo. Bungwe la Boma loona za ngongole ndi thandizo la maphunziro apamwamba, la HELSB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, limapereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite a Boma, ndipo ngongoleyo mwana amabweza akayamba nchito. Bungwe lomweli ndi limene limalengeza ndi kuyendetsa malo a maphunziro operekedwa ndi maiko anzathu.

Tsono ngati malo amene mwana wapeza ndi olipira kucokera m'thumba la kholo, ndipo mafunso amene waitanidwako angamupatse malo opanda malipiro kapena okhala ndi ngongole ya Boma, ulendowo ngwoyenera. Kucokera ku Mpanshya kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 200 pa mseu wa Great East. Ndalama za basi ndi za kogona usiku umodzi zimapweteka ndithu, koma n'zocepa poyerekeza ndi malipiro a zaka 6. Mwana amene waleka sukulu m'caka cacitatu cifukwa nkhokwe yauma amabwerera kumudzi wopanda setifiketi, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimene zinagulitsidwa sizibweranso.

Koma ngati malo oyamba ali kale pa sukulu ya Boma ndipo ngongole yabvomerezedwa, pamene sukulu yaciwiri siiposa yoyambayo pa kanthu kalikonse, atate aja amanena zoona. Kupita ku mafunso kungofuna kudziyesa kapena kukaona tauni ndi kutaya ndalama. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

KODI SUKULUYO NJOBVOMEREZEKA?

Funso laciwiri makolo ambiri a m'midzi amaliiwala. Dotolo saloledwa kugwira nchito m'Zambia asanalembetse ku bungwe la Health Professions Council of Zambia. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lao la Nursing and Midwifery Council of Zambia. Mayunivesite nao amalembetsa ku Higher Education Authority. Kalata yokongola yokhala ndi cidindo siitanthauza kuti zonsezi ziri m'malo mwace. Mwana afunse ku mabungwe amenewa za sukulu zonse ziwiri, yomubvomera ndi yomuitana. Safunsa anadya phula.

Amene afuna kupita kunja adziwenso kuti pobwerera ndi digiri yake adzayenera kulemba mayeso a bungwe la madotolo muno asanapatsidwe cilolezo. M'maiko ena, monga Russia, wophunzira amayamba watha caka cathunthu akuphunzira cinenero ca kumeneko. Kunja kulinso zogwa mwadzidzidzi: mu 2022, nkhondo itabuka ku Ukraine, Boma linacita kubweza ana a Zambia amene anali kuphunzira kumeneko, maphunziro ao ali pakati. Izi si zoopseza nazo mwana, koma ziyenera kukambidwa pabwalo mwana asananyamuke.

MASIKU A PA KALATA

Cinthu cacitatu ndi masiku. Kalata yobvomera mwana kawirikawiri imachula tsiku lomariza lolipira ndi lolembetsa. Mwana awerenge kalatayo mosamala pamodzi ndi mphunzitsi wake wakale kapena munthu wina wodziwa Cingerezi bwino. Afunse ku ofesi ya sukuluyo ngati ndalama zimene zalipidwa zingabwezedwe, zonse kapena gawo lake, akasintha maganizo, ndipo yankho lake alilandire lolembedwa. Afunsenso oitana ku mafunso kuti zotsatira zidzatuluka liti.

Lamulo lake n'losabvuta: musataye malo amene muli nao musanagwire kalata ya malo atsopano m'manja. Kuitanidwa ku mafunso si kusankhidwa. Oitanidwa amakhala ambiri, malo ndi ocepa. Kupita ku mafunso sikucotsa dzina la mwana pa sukulu yoyamba, koma kulumpha tsiku lolembetsa kumacotsa.

GANIZIRANI MWANA WA MNZANU

Pali mbali ina imene siikhudza thumba koma mtima. Malo alionse amene mwana wagwira, kumbuyo kwake kuli ana ena amene akuyembekeza. Mwana amene watsimikiza kuti sadzapita ku mafunso adziwitse omuitana msanga, pa lamya kapena pa kalata, kuti aitane wina. Cimodzimodzi amene wasankhidwa kwaciwiri auze sukulu yoyamba kuti malo ake apatsidwe kwa mnzake. Kungokhala cete ndi kumana mwana wa mlimi wina mwai umene iwe suufuna.

Dziko likufuna anchito a zaumoyo, makamaka m'midzi. Mu 2022 Boma linalemba nchito anthu oposa 11,000 a m'zipatala pa nthawi imodzi. Anthu a ku Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda amadziwa bwino kufunika kwa dotolo akakumbukira odwala ocokera kutali ndi obvulala pa ngozi za m'mapiri a mseu wa Great East amene amathamangira nao ku St Luke's. Wodwalayo safunsa kuti dotolo anaphunzira ku Ndola, ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja. Cimene afuna n'cakuti dotoloyo anatsiriza maphunziro ake ndipo anabvomerezedwa.

MMENE BANJA LIJA LINACITIRA

Pa tsiku lacinai amalume aja anaitana aphunzitsi aakulu a pa sukulu yoyandikana nao, ndipo onse anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi makalata aja. Anapeza kuti tsiku la mafunso linali kubwera patatsala milungu itatu kuti tsiku lolembetsa pa yunivesite yoyamba lifike. Anawerengera malipiro a zaka zonse, ndipo atate aja ataona kuti munda wao sungathe kuwakwanitsa popanda kugulitsa ng'ombe zolimira, anakhala cete kanthawi. Pambuyo pake anafunsa mwana wao cimene iye mwini anali kufuna, cinthu cimene panalibe anacita m'masiku atatu onse aja. Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti afuna kukayesa, koma malo ake oyamba sawataya.

Amai ake anagulitsa nkhuku zinai. M'mamawa mwace mtsikanayo anakwera basi pa mseu waukulu, atanyamula setifiketi yake, citupa ca registireshoni ndi kalata ya sukulu yoyamba m'cikwama ca pulasitiki. Polemba nkhani ino zotsatira zinali zisanatuluke, ndipo atate ake anali atayamba kale kusunga matumba ena a cimanga padera, kuti tsiku lolembetsa likafika mwana asasowe kolowera.