Lima Duarte, mwana wa kumudzi amene wailesi inamukana

Amene anaonerapo manovela a ku Brasil pa televizau, kaya kunyumba kwa mnansi kaya m'kanyumba ka vidiyo pamsika, nkhope ya bambo uyu amaidziwa ngakhale dzina ataliiwala: wadazi, wolankhula Chipwitikizi cha kumudzi. Ameneyo ndi Lima Duarte.

Dzina lake lenileni ndi Ariclenes Venâncio Martins. Anabadwa pa 29 Malichi 1930 ku Desemboque, kamudzi ka m'chigawo cha Minas Gerais. Ali mnyamata anakwera lole yonyamula mango napita ku São Paulo kukafuna ntchito. Atayesa mwayi pa wailesi ya Tupi, anamukana kukhala woulutsa mawu chifukwa cha kalankhulidwe kake ka kumudzi, nampatsa ntchito ya kuseri, yoyang'anira makina a mawu. Kumeneko ndiko anaphunzirira masewero. Televizau itayamba ku Brasil mu 1950 iye anali pomwepo, ndipo mu 1951 anasewera nawo mu Sua Vida Me Pertence, novela yoyamba ya dzikolo.

Kalankhulidwe kamene anamukanira kaja ndiko kanadzamutchukitsa. Mu 1973, pa TV Globo, anali Zeca Diabo mu O Bem-Amado, nkhani yolembedwa ndi Dias Gomes. Meya wina anamanga manda atsopano kuti atchukirepo, koma m'tauni monse simunafe munthu woti atsegulire mandawo. Anaitanitsa Zeca, chigawenga choopedwa, kuti maliro apezeke. Koma Zeca anali atatopa ndi kupha: ankapemphera, ankakonda mayi ake, ndipo ankalota zokhala wopanga mano oikirira. Pomaliza anawombera meya yemweyo, ndipo mwini manda ndiye anayamba kugonamo.

Gawo limene ambiri amamukumbukira nalo ndi la Sinhozinho Malta mu Roque Santeiro. Novelayi inayenera kuonetsedwa mu 1975, koma boma la asilikali linailetsa pa tsiku lomwe inkati iyambe. Inatuluka mu 1985, ulamuliro wa asilikali utatha, ndipo Lima Duarte anabwerera pa gawo lomwelo. Sinhozinho ndi mwini ng'ombe wolemera wa ku Asa Branca, tauni imene inkadyera mbiri ya Roque, munthu amene anthu ankamuyesa woyera mtima amene anafera kuteteza anzake. Roque atatulukira ali wamoyo, olemera anachita mantha kuti malonda awo atha. Sinhozinho akapsa mtima ankagwedeza dzanja, zibangili n'kulira ngati njoka, kenaka n'kufunsa ngati akunena zoona kapena akulakwa, funso limene palibe ankalimba mtima kuliyankha. Novelayi inamveka mpaka ku Angola, kumene msika waukulu wa ku Luanda unatchedwa Roque Santeiro.

Mu 1989 anavula zibangili nanyamula khasu. Mu O Salvador da Pátria anali Sassá Mutema, waganyu wa m'minda wosadziwa kulemba, amene akuluakulu a ndale anamuika pa umeya poganiza kuti adzamuyendetsa ngati ng'ombe ya pangolo. Sassá anaphunzira kuwerenga kwa mphunzitsi Clotilde, ndipo maso ake anatseguka. Chaka chomwecho anthu a ku Brasil anadzisankhira okha pulezidenti koyamba kuchokera mu 1960, choncho nkhani ya Sassá inkakambidwa ngati nkhani ya chisankho.

Anapitiriza kusewera ali nkhalamba, mu Caminho das Índias mu 2009 ndi mu O Outro Lado do Paraíso mu 2017. Chigawenga, mwini chuma ndi waganyu, onse atatu anawalankhulitsa ndi lilime la kwawo. Amene amaopa kutsegula pakamwa ku ofesi ya boma chifukwa Chipwitikizi chawo chimamveka cha kumudzi, akumbukire mnyamata amene anafika mu mzinda pa lole ya mango.